Chala Chimodzi cha Simenti

Ntchito yanga yoyamba ndinaipeza kuseri kwa tchalitchi, tikutsuka mbale za pamaliro. Ndinali nditangofika pa Boma la Mwanza kuchokera ku Thambani, ndili ndi ana anga aakazi awiri ndi thumba limodzi la zovala. Bambo awo anapita ku Tete kukafuna ntchito, n'kukapezako banja lina. Ine ndinatsala ndi munda. Nandolo ndinakolola wambiri, koma mavenda anabwera ndi masikelo awo opachika panthambi ndi mtengo wonyoza, moti nditagulitsa yense sindinakwanitse ngakhale feteleza wa kamunda ka kuseri kwa nyumba. Ndinapirira dzinja limodzi la njala. Litatha ndinamanga chitseko ndi waya, n'kukwera pikapu.

Mayi wina wa mumpingo, amene ankatigoneka m'khitchini mwake, ndiye anandiuza za ntchitoyo tikutsuka mbalezo. Anati bambo Sandalamu, eni shopu ya zipangizo zomangira pamsika, ayamba kumanga nyumba kumunsi kwa msewu wopita ku boda, ndipo akufuna azimayi otunga madzi. "Mupite Lolemba m'mamawa, ndowa mutenge yanu," anatero. Ndinapita. Bambo Sandalamu anandiyang'ana manja, n'kundifunsa ngati ndimamwa mowa. Nditawauza kuti ndine wopemphera anaseka pang'ono nati, "Ndiye bwino, simudzandibera simenti."

Amene sanafunepo nyumba pa Boma pano sangamvetse chifukwa chimene ndinaigwirira ntchito imeneyi ndi manja awiri. Mwanza wakula chifukwa cha boda. Mathiraki amafola ulendo wa ku Mozambiki, ndipo pambuyo pake pamabwera okonza mapepala a katundu, osintha ndalama, aphunzitsi, anamwino, onse ofuna pogona. Minda ya manachesi imene makolo anadzala yadulidwa mapuloti, mitengo yake n'kuotchera njerwa. Aliyense wopeza kandalama amamanga mdadada wa zipinda, chimbudzi chimodzi cha mdadada wonse, n'kuyamba kusankha anthu ngati akusankha tomato pamsika. Ine ndinayenda makomo ambiri. Funso loyamba linali lakuti, "Mumagwira kuti?" Lachiwiri, "Ana angati?" Ndikayamba kuyankha, chitseko chinkayambanso kutsekeka. Iwo ankafuna mnyamata wa pa boda, wopanda mwana, wongobwera kudzagona. Ndipo ukachipeza chipinda, dobadoba amene wangokulozera ndi chala amafunanso yake. Ife amene timaponda matope ndi kusenza njerwa za nyumba zimenezi ndife oyamba kukanizidwa kugonamo. Mpaka lero zimandiwawa.

Tsono bambo Sandalamu atanena kuti denga likangokhomedwa ndidzalowe m'chipinda chakumbuyo ndi ana anga, ndizilondera katundu, ndinagwada pamchenga pomwepo n'kuyamika Mulungu. M'khitchini muja ana ankadzuka maso ali ofiira ndi utsi, ndipo mwini wake anali atayamba kundifunsa kuti ndikuganiza zotani. Chipinda chimenecho ndicho chinali malipiro anga enieni.

Mmisiri wathu anali a Zuze, bambo wachikulire amene anabwera kuno ali mnyamata pothawa nkhondo ya ku Mozambiki, n'kukhazikika. Sankalankhula zambiri. Poitana bambo Sandalamu ankati patarau, monga amatchulira bwana kwawoko. Ine ankanditchula amake Lonjezo, potengera mwana wanga wamkulu.

Madzi tinkatunga kumtsinje, kutsika ndi kukwera chitunda, mpaka madiramu awiri adzaze dzuwa lisanatenthe. Kenako kusefa mchenga, kusenza njerwa pamutu, kuponda matope. Matope omangira si dothi lililonse. Umakumba katondo, kuchotsa miyala ndi mizu, kuthira madzi madzulo kuti agone, m'mawa n'kuponda ndi mapazi mpaka azimata pa fosholo. A Zuze ankayamba ndi makona. Ankakweza njerwa za pakona, kuyeza ndi levulo, kukoka chingwe kuchoka pakona kufika pakona, n'kumayala njerwa motsata chingwecho, mpeni wawo womangira ukungolira. Ndinkakonda kuwaonerera. Khoma lawo linkaima chilili ngati munthu wosalakwa.

Ndinene msanga kuti kumanga ndi matope si tchimo. Nyumba ya mayi anga ku Thambani ndi yamatope, ndipo ndi yaikulu kuposa ine pa zaka. Yakhalitsa chifukwa ili pamtunda, ndi yaifupi, ndipo ili ndi khonde mbali zonse loteteza makoma ku mvula. Aliyense amadziwa chimene ili, ndipo dzinja likayandikira amaizira. Nyumba ya bambo Sandalamu inali ina. Puloti yake inali m'munsi, pamene madzi onse a mumsewu amatsikira. Maziko tinakumba osafika ndi m'mawondo momwe. Simenti inalowa m'mizere itatu yokha ya pansi, kwina konse matope. Njerwa zambiri zinali za kunja kwa uvuni, zosapsa bwino, zimene ukazigogoda sizilira. Khoma lakumbuyo linakwera kwambiri kuti nyumba ioneke yamakono, koma malata anangotulukira pang'ono ngati chipewa cha mwana. Lamba wa konkire uja amazungulira pamwamba pa mawindo, womanga makoma onse pamodzi, sanaikidwe.

A Zuze anadandaula kamodzi kokha. "Patarau, apa pamadutsa madzi. Tikumbe pang'ono, tionjezere simenti."

"A Zuze, ine ndikumanga yogulitsa, osati yogonamo ine," anayankha bambo Sandalamu. "Simenti ili m'shopu ndi ya makasitomala."

Ameneyo ndi munthu amene matumba a simenti anali ataunjikana mpaka kudenga m'shopu mwake.

Makoma atatha, a Zuze anandiona tsiku lina ndikusalaza matope otsala pa wilibala ndi chikhato. "Manja anu ndi ozira, amake Lonjezo," anatero. "Siyani ndowa, bwerani kuno." Umo ndi mmene ndinaphunzirira kupoyinta.

Kupoyinta ndi kutseka ndi simenti mizere ya pakati pa njerwa. Umatenga msomali wa sikisi inchi, n'kukanda matope mu mzere uliwonse, kuya kwa chala chimodzi. Umasesa fumbi ndi burashi, n'kuwaza madzi kuti njerwa isamwe madzi a simenti. Simenti yake imakhala yonona, thumba limodzi mawilibala awiri a mchenga wosefa bwino. Umaiika pa kathabwa kudzanja lamanzere, n'kumaikankhira mu mzere ndi kampeni kakang'ono. Ikayamba kugwira umadutsitsa kachitsulo kozungulira, kopinda ngati chogwirira ambulera, kuyambira mizere yoimirira kumalizira yogona, kuti mzere ulowe m'kati mosalala. Masiku atatu otsatira umathirira m'mawa ndi madzulo. Pa nyumba yamatope ntchito imeneyi ndi yabwino ndithu, chifukwa imatchinga mvula yowomba khoma. Koma ukaichita bwino, palibe amene angasiyanitse ndi maso nyumba yamatope ndi ya simenti.

Ine ndinaichita bwino. Ndinali ndisanakhalepo ndi luso limene anthu angaimire pamsewu kuti aone. Tsopano a kabaza ankaima, azimayi ochokera kuchigayo ankatula mitolo, n'kumafunsa kuti, "Mizere imeneyi wakoka ndi mzimayi?" Ndinkagwira ndikuimba nyimbo za mumpingo, mtima uli mbee.

Tsiku lina bambo Sandalamu anabwera ndi choko. Analemba timitanda pakhoma, mbali zonse ziwiri za chitseko chakumaso, pansi pa mawindo akumaso, ndi pamakona oyang'ana kumsewu, kuyambira m'chiuno kufika pamutu.

"Pamene ndalembapa mukumbe zala zitatu, mudzaze simenti yokhayokha," anatero.

Ndinafunsa chifukwa chake.

"Ogula amakanda ndi kiyi pamene dzanja lafikira. Palibe amene amapita kuseri kukawerama."

Ndinamva bwinobwino. Sindinganame kuti sindinamvetse. Ndinakumba zala zitatu, ndinadzaza, ndinasalaza. Mumtima ndinati, ine ndine wantchito chabe, tchimo ndi la mwini nyumba. Malemba ndinkawadziwa. Ndinkadziwa za anthu aja amene Mulungu anawakwiyira chifukwa chopaka njereza pakhoma losalimba n'kumauza anzawo kuti zonse zili bwino. Ndinkadziwa mmene Iye amanyansidwira ndi muyeso wonyenga, ndipo ndinali nditawatemberera nawo mawu amenewo mavenda a nandolo aja. Koma za khoma ili ndinkaziwerenga ngati zikunena anthu ena. Denga linali litakhomedwa sabata yomweyo. Ana anga anali atagona koyamba pamalo opanda utsi, chitseko chathu chili lata lotsamiritsa ndi njerwa, ndipo wamng'ono anali atandifunsa ngati ino ndi nyumba yathu.

M'kati tinapaka pulasitala, pansi tinathira simenti yofiira, mawindo anaikidwa magalasi. Pofika mwezi wa Novembala nyumba inali itavala ngati mkwatibwi, ndipo madobadoba anali atayamba kuilengeza. Mvula yoyamba inagwa masiku awiri otsatizana. Madzi a mumsewu anatsika monga a Zuze ananenera, n'kudzaima kuseri, motsamira khoma la chipinda changa. M'kati munaoneka mzere wa chinyezi wofika m'mawondo. Lachisanu bambo Sandalamu anandipatsa chitini cha penti kuti ndipake pamzerepo, ndi wilibala ya mchenga yothira pa chithaphwicho.

"Mawa kukubwera wogula," anatero. "Muvale bwino, katundu wanu mumuunjike pakona. Ikagulidwa ino, ndili ndi puloti ina kumtunda. Kuli kale kachipinda ka mlonda, mudzasamukira kumeneko. Ine anthu anga sindiwataya."

Ndinapaka penti ija.

Loweruka m'mawa anafika pa pikapu yawo ndi mayi wa imvi, wovala chitenje pamwamba pa diresi, chikwama atachikumbatira pachifuwa. Anali mayi Bonongwe, mphunzitsi wopuma ntchito wa ku Kanduku. Moyo wawo wonse anakhala m'nyumba za pasukulu, ndipo tsopano anauzidwa kuti apereke malo kwa mphunzitsi watsopano. Amuna awo anali atafa ziwalo mbali imodzi, sankatha kudzuka okha, ndiye ankafuna nyumba pafupi ndi chipatala. Ndalama yawo yopumira ntchito inali itangotuluka. Zonsezi anazinena okha asanalowe n'komwe, monga amachitira anthu osazolowera kugula.

Anaima pakhomo, anatulutsa kiyi m'chikwama, n'kukanda mzere wa pambali pa chitseko. Wina anali atawalangiza kutero. Kiyi inalira, osalowa. Anakandanso pansi pa windo. Chimodzimodzi.

"Simenti yokhayokha, madamu, kuyambira pansi mpaka pamwamba," anatero bambo Sandalamu. "Ine ndi amene ndimagulitsa simenti pa Boma pano. Ndingamange ndi matope?"

Onse awiri anaseka. A Zuze anali pambali akusanja njerwa zotsala, ndipo sanadzutse mutu.

Kwathu kuno nkhani yaikulu siiyamba popanda pemphero. Titalowa pabalaza bambo Sandalamu anavula chipewa nati, "Tisanakambe za mtengo, amake Lonjezo atipempherere. Mayi awa ndi a Mulungu, Boma lonse likuwadziwa."

Apa ndi pamene mkwiyo wanga umabwerera nthawi zonse ndikakumbukira. Munthu ameneyu sanaitanepo pemphero tikukumba maziko, sanaitanepo tikukhoma denga. Analiitana tsiku logulitsa. Anali atapaka khoma ndi dzanja langa, tsopano ankafuna kupaka bodza lake ndi pemphero langa. Dzina la Mulungu wamoyo analiyesa chitini china cha penti. Ndipo ankadziwa kuti ndivomera, chifukwa mphasa za ana anga zinali m'chipinda chake.

Ndinatseka maso. Ine ndi munthu amene ndikayamba kupemphera kumsonkhano wa amayi amachita kundikoka chitenje kuti ndimalize, koma tsiku limenelo lilime linauma. Ndinapempherera bambo odwalawo, ndinapempherera mvula kuti igwe mwachifundo, ndinapempherera apaulendo. Nyumba sindinaitchule. Ndinati ameni.

"Afunseni okha, madamu," anatero bambo Sandalamu akuvala chipewa. "Akhala pano kuyambira maziko. Awa sanama."

Mayi Bonongwe anandigwira dzanja. Manja awo anali ofewa, ozizira. "Mnzanga, ine zomanga sindizidziwa, ndimadziwa choko basi. Ndalama iyi ndi yomaliza, ina sidzabweranso. Nyumbayi ndi ya simenti?"

Bambo Sandalamu ankaseweretsa makiyi a galimoto. Ine ndinaona khitchini ya utsi ija. Ndinaona zitseko zonse zimene zinanditsekekera. Kunja mitambo inali itayamba kale kusonkhana chakumadzulo.

"Eya, mayi," ndinatero. "Ndi ya simenti."

Tambala sanalire, koma ndinadziwa kuti ndaima pamene anaima wophunzira uja amene anakana Ambuye wake pofuna kuti asachotsedwe pamoto wootha. Sindinachite kukakamizidwa ndi lupanga. Anangondionetsa chipinda.

Mayi Bonongwe anapuma mpweya wautali n'kumwetulira. Anayamba kuyenda m'zipinda ngati mwini, akunena pamene adzaike kabati ndi pamene adzaike makina osokera. Atafika m'chipinda chakumbuyo anaona mphasa zathu ndi mapoto pakona.

"Muno ndi mmene mumagona?" anafunsa. Ndinavomera ndi mutu. "Muli bwino muno. Muli phee, kutali ndi phokoso la mathiraki. Muno mudzagona abambo. Bedi tidzaligunditsa kukhoma ili, kuti azitsamira podya."

Anasisita khomalo ndi chikhato, pamwamba penipeni pa penti imene ndinapaka dzulo lake.

Ine ndinali nditagona pansi pa khoma limenelo ndi ana anga, koma ndinkagona ndi khutu limodzi, ndikudziwa kuti likangolira ndiwanyamula n'kuthawa. Bambo amenewo sakanatha kuthawa. Akanangoliyang'ana likubwera.

Chitini changa cha zida chinali pawindo. Ndinatulutsamo msomali uja.

"Mayi, ndakunamizani," ndinatero. "Tiyeni kuseri."

"Amake Lonjezo, kuseri kuli matope," anatero bambo Sandalamu, mawu ali pansipansi. "Madamu adetsa nsapato."

"Nsapato zimachapidwa," anayankha mayi Bonongwe, akundiyang'ana ine.

Tinazungulira. Mchenga umene ndinathira unali utamira kale. Ndinagwada m'matopemo, ndinaika msomali pa mzere wofika m'mawondo, n'kumenya ndi chibenthu cha njerwa. Simenti inathothoka ngati nkhanambo. Kenako ndinangokankha ndi chala chachikulu, msomali wonse n'kulowa mpaka kumutu. Ndinakolowola katondo wonyowa, wofiira, n'kuwaika m'dzanja. Ndinasuntha mapazi angapo, ndinabowolanso, ndinasunthanso, ndinabowolanso.

"Pachitseko paja pamene munakanda, ndinakumba zala zitatu n'kudzaza simenti, ndine ndemwe," ndinatero. "Kwina konse ndi chala chimodzi. Maziko ndi osaya, ndipo madzi onse a mumsewu amathera pano."

Mayi Bonongwe anafinya dothilo pakati pa zala. Anatembenukira kwa a Zuze, amene anali atatitsatira chapatali. "Amisiri, ndi zoona?"

"Ine ndimamanga zimene ndauzidwa, madamu," anatero a Zuze. Kenako anaonjezera kuti, "Koma mayi anga sindingawagoneke m'chipinda chimenecho."

Mayi aja anapukuta dzanja pa udzu. "Ndaphunzitsa ana ambiri onama, bambo Sandalamu," anatero, "koma iwo ankachita manyazi akagwidwa." Anakana kukwera pikapu. Kwa ine anangoti, "Zikomo, mnzanga," osandiyang'ana kwambiri, ndipo sindinawadandaule, pakuti ndinali nditayamba ndi kuwanamiza. Anakwera chitunda wapansi, chikwama chili pachifuwa. Sindinawaonenso.

Bambo Sandalamu sanakalipe. Bwenzi zili bwino akanakalipa. "Ndinakutolani m'khitchini mwa anthu," anatero. "Dzuwa lisanalowe ndipeze mwatuluka. Mulungu wanuyo akupatseni nyumba." Kenako anauza a Zuze kuti atseke mabowo ndinabowolawo lero lomwe, asaonekenso. A Zuze anawatseka, ndi kachitsulo kanga komwe.

Mvula inatipeza tikusamuka. A Zuze anatikankhira katundu pa wilibala mpaka pamsewu. Titafika pamtunda anatula nati, "Mukanandiuza kaye, mlongo. Nanenso ntchito ya kumtunda ija yandithera." Zinali zoona. Iwo anali ndi zidzukulu zodyetsa. Choonadi changa anachilipira ndi ena amene sindinawafunse.

Mayi wa khitchini uja anali ataikamo kale m'bale wake. Dzinja lonse tinagona m'kachipinda kosungira mabenchi othyoka kuseri kwa tchalitchi, denga lake lodontha pakati, ife n'kumagona m'mbali ngati nkhuku. Wamng'ono anadwala chifuwa mpaka mwezi wa Malichi. Mbiri inayenda pakati pa eni mapuloti kuti pali mzimayi wina woononga malonda, ndipo palibe anandiitana ngakhale kukatunga madzi. Ndinkapalira m'minda ya anthu ndi kuchapa zovala. Ngakhale mumpingo ena anandiona wopusa. Mkulu wina anandiitanira pambali nati, "Mukanangokhala chete, mayi. Chete si bodza." Ndinawauza kuti ndinafunsidwa maso ndi maso, nditangonena ameni. Anapukusa mutu ngati ndikukamba zachibwana. Mwana wanga wamkulu sanandilankhule bwino kwa masabata angapo, ndipo usiku wa mvula ndinkalephera kumuyang'ana.

Ndikanakonda kulemba kuti Mulungu anandibwezera nyumba ya malata ndi magalasi, monga zimathera nkhani za maumboni. Sizinatero. Mpaka lero ndimachita lendi chipinda chimodzi, ndipo eni ake amakweza mtengo akangomva kuti pa boda pabwera antchito atsopano. Mulungu sanandilonjeze nyumba pa Boma la Mwanza. Mwana wake yemwe analibe potsamira mutu. Chimene anandibwezera ndi lilime langa, kuti ndikagwada ndizitha kulankhula.

Nyumba ija inagulidwa Khirisimasi isanafike. Anaigula mnyamata wina wogwira ntchito ku Joni, amene anaiona pa zithunzi za pafoni, n'kugulira mayi ake. Sanakande ndi kiyi n'komwe. Ndinapita kukawachenjeza mayiwo, koma anandithamangitsa pakhomo, amvekere ndi nsanje chabe chifukwa mwana wawo wawatulutsa m'nyumba yaudzu. Nyumbayo ikadali chilili. Kuseri kuli mng'alu wolowa chikhato, ndipo anaimikako zipilala ziwiri za njerwa zochirikiza. Dzinja lililonse ndimaipempherera potchula dzina la mayiwo.

Bambo Sandalamu akugulitsabe simenti, akumangabe. Pa misonkhano amawakhazika kutsogolo n'kumawatcha otukula Boma. Apaulendo odutsa pa basi amaona mizere ya nyumba zopakidwa penti m'mbali mwa msewu n'kumati Mwanza walemera. Sadziwa kuti m'nyumba zambiri zimenezo muli thukuta lonse la mphunzitsi, la mnyamata wogona m'kashedi ku Joni, la mayi wogulitsa manachesi padzuwa, ndipo lakhazikika pa chala chimodzi cha simenti. Palibe amene amabwera kudzaona maziko asanakwiriridwe. Wosauka akamanga yake yamatope amadziwa poisamalira. Amene amapwetekeka ndi uyo wasunga moyo wake wonse kuti achoke m'matope, n'kugulitsidwa matope omwewo pa mtengo wa simenti. Anthu otere kulira kwawo kumamveka kumwamba, ndipo sindikhulupirira kuti Woweruza akugona.

Patapita chaka a Zuze ananditumira uthenga kuti apeza ntchito kwa munthu womanga yogonamo yekha, ndipo akufuna wopoyinta. Za tsiku lija sitinakambepo. Tikugwirabe limodzi, ndipo tsopano ndimathanso kuyala njerwa ndi kukweza kona.

Koma ndili ndi lamulo langa limene ndimanena ndisanasakanize simenti. Ndimauza mwini nyumba kuti kuseri, pamwamba pansi pa denga pamene mvula siifika, ndisiya mzere umodzi wautali ngati chikhato wosapoyinta, kuti chimene chili m'kati mwa khoma chizioneka. Womanga yogonamo yekha amangoseka n'kunena kuti, "Siyani, mayi, ndani akaoneko?" Womanga yogulitsa amayamba mafunso, kenako amati andiimbira, ndipo saimba. Ntchito zambiri zandidutsa motero, zina pa nthawi imene m'nyumba munalibe ufa, ndipo sindinganene kuti sizindipweteka.

Wofuna kudziwa za nyumba imene ine ndinagwirapo asadalire mawu anga, pakuti ndinanamapo kale tsiku lina nditangomaliza kupemphera. Apite kuseri, akwere pa njerwa ziwiri, alowetse chala.